Zipinda za Achemwali

Pahotela imene ankagwira ntchito panalibe amene ankamutchula dzina lake lenileni. Onse ankangoti Kamng'ono, kuyambira alonda apageti mpaka abwana, ndipo dzinali linamukakamira ngakhale anali ndi mwana kale, ngakhale atanenepa mpaka yunifomu kuyamba kudandaula m'chiuno. Chifukwa chake n'chosavuta: pamalopo analowa ngati mng'ono wa munthu. Munthuyo anali akulu ake, mayi aatali osaseka zopusa, amene hotela yonse inkawatcha Achemwali. Iwowa anayamba kuyala mabedi pamenepo nyumbayo isanawonjezedwe nsanjika zapamwamba.

Mayi awo anamwalira Kamng'ono asanamalize pulayimale, ndiye Achemwali ndi amene anamulera. Anamusambitsa, anamukwapula, anamuthamangitsira anyamata ndi tsache, ndipo mmodzi atawazemba n'kumusiyira mimba, anamulalatira mpaka mawu kusasa, kenako n'kupita kukagula matewera. Mwanayo atasiya kuyamwa, anamugwira dzanja Kamng'ono n'kukaima naye pamaso pa abwana a nthawi imeneyo.

"Uyu ndi mng'ono wanga," anatero. "Akadzaba ngakhale kasopo, mudzachotse ine."

Ntchito inapezeka choncho. Zaka zoyambirira Kamng'ono ankangoyenda pambuyo pa akulu akewo, atanyamula ndowa. Anamuphunzitsa kupinda ngodya ya nsalu yapabedi kuti ithine, kugogoda katatu asanalowe, ndi kusaona zimene waona m'chipinda cha mlendo. Akalakwitsa, ankamutsina pamkono popanda kusiya kumwetulira kwa alendo odutsa.

Kuti nkhaniyi imveke, pafunika kudziwa mmene zipinda za hotela zimayeretsedwera. Mlendo akatuluka, woyeretsa amalowa ndi kangolo kake ka matawulo, nsalu ndi mabotolo a mankhwala otsukira. Amayalula, amayala, amatsuka bafa, amakolopa, akamaliza amasiya chitseko chili chotsegula pang'ono n'kupita chipinda china. Koma mlendo watsopano sangalowe woyang'anira zipinda asanadutsemo. Woyang'anirayo amagwada n'kusuzumira kunsi kwa bedi, amayendetsa chala pamwamba pa kabati, amavundukula ketulo, amakweza tambula n'kuiyang'anira pawindo. Zikakhala bwino, amaimba foni kolandirira alendo kuti chipinda chakonzeka. Akapeza tsitsi ngakhale limodzi, amatuluka n'kukaitana woyeretsa uja kuti abwerere. Kumeneko ndiye kubwezedwa, ndipo pakati pa oyeretsa palibe chochititsa manyazi ngati chimenecho. Umayenda kolido yonse ndowa ili m'manja, anzako akusuzumira m'zitseko, wina akuimba kamluzu.

Achemwali anali asanabwezedwepo. Oyang'anira anabwera n'kupita, ena ankhanza ofunafuna zifukwa ndi tochi, koma m'zipinda za Achemwali ankatulukamo chala chili mbee. Nyumba yawoyawo analibe, mwamuna anawathawa kalekale, mwana wobereka okha analibe. Chimene anali nacho padziko pano n'chimenechi, ndipo ankayenda nacho mutu uli m'mwamba.

Ndi Achemwali omwewa amene anamukankhira Kamng'ono kusukulu. "Ine mutu wanga unathera patsache," ankatero, "koma iwe ukadzafera m'bafa la eni, ndidzakutukwana pamaliro pako pomwepo." Choncho Kamng'ono analembetsa maphunziro a kayendetsedwe ka mahotela pakakoleji kena kamene kanali pamwamba pa shopu ya matayala. Ankapita masana akaweruka ndi Loweruka lonse, mwana atamusiya kwa Achemwali. M'kalasimo munkanunkha mphira, fani inkazungulira mwaulesi, amakaniko pansi ankamenya zitsulo osalekeza, koma iye ankatulukamo mutu uli wodzaza. Anaphunzira kulankhula ndi mlendo wolusa, kugawa ntchito, kusunga chakudya kuti chisadwalitse anthu. Anaphunziranso kuti mankhwala ena otsukira sasakanizidwa m'ndowa imodzi, chinthu chimene iye anachita zaka zonsezo n'kumadabwa kuti chifuwa chikuchokera kuti.

Phunziro limene linamugwira mtima linali la utsogoleri. Mphunzitsi wake, bambo woonda amene anayendetsapo hotela mpaka kuigwetsa, ankabwereza mfundo imodzi ngati nyimbo: ukaona cholakwa, umuuze mwiniwake tsiku lomwelo, muli awiri, chitseko chili chotseka. Kamng'ono ankagwedeza mutu pampando wakutsogolo. Zinkamveka zophweka, ndipo pamayeso a pakati pa chaka ankazilemba mokoma kuposa onse.

Asanamalize n'komwe maphunzirowo, woyang'anira zipinda anapeza ntchito kwina, abwana n'kumupatsa Kamng'ono makiyi. Kuyambira tsiku limenelo abwana anasiya kumuti iwe, anayamba kumuti inu. Jekete latsopano la udindowo Achemwali anasita okha, ndipo pomuveka anamukoka kolala kuti awayang'ane.

"Tamvera. Kunyumba ndine mkulu wako, koma kuntchito bwana ndiwe. Ukapeza fumbi m'chipinda changa, undibweze ngati wina aliyense." Kenako anamwetulira chakumbali. "Ngati ulipeze."

Tinene zoona, utsogoleri unamukhala Kamng'ono. Sankakuwa mukolido. Akapeza cholakwa ankamutsatira mtsikanayo m'chipinda chimene ali, n'kutseka chitseko, n'kumunong'oneza, moti kamluzu kaja kanazilala. Anawavutitsa abwana za magulovu mpaka anatopa n'kugula. Anagawa ntchito mwachilungamo, oyembekezera anasiya kutembenuza matiresi okha. Atsikana amene kale ankabisala m'chimbudzi akamva makiyi akulira anayamba kumufunsa nzeru ngakhale za m'mabanja mwawo. Iye mwini anayamba kukhulupirira kuti mwina moyo wake ukupita penapake.

Vuto linayamba m'mawa wina wamba, kunsanjika yapamwamba, kumene kunali zipinda zodula zimene ankayeretsa Achemwali okha. Bedi linali loyalidwa monga mwa nthawi zonse, losalala ngati tebulo. Koma pakona, pafupi ndi mwendo wa mpando, panali kapepala kominira, kogwiritsa kale ntchito, kali poyera. Kamng'ono anakayang'ana nthawi yaitali. Kenako anawerama, anakatola, anakaika m'thumba la jekete, n'kuimba foni kuti chipinda chakonzeka. Anadziuza kuti munthu aliyense amaphonya kamodzi.

Sikanali kamodzi. Mawa lake linali tsitsi m'mphepete mwa bafa, mkuja wake sokosi kunsi kwa katani. Pakati pa chipinda pankawala, koma m'mbali ndi m'makona munkatsala zinthu zoti ngakhale mwana akanaziona. Anayamba kuwaonetsetsa akulu akewo. Anaona kuti kangolo kawo kakugunda mafelemu a zitseko, ndipo munthu akawadzera chakumbali amadzidzimuka ngati watumphuka pansi. Maso a Achemwali anali akutha. Koma eni akewo sankadziwa kanthu, poti chimene achiyang'ana ankachiona bwinobwino, ndiye akanakayika bwanji?

Apa ndi pamene Kamng'ono anayenera kutseka chitseko n'kulankhula. Ankadziwa, anali atazilemba pamayeso. M'malo mwake anagula kaburashi n'kumakasunga m'thumba pamodzi ndi kansanza, ndipo tsiku lililonse Achemwali akatuluka m'chipinda, iye ankalowa n'kuchibwereza mwakachetechete, mtima uli m'mwamba kuopa kupezereredwa. Woyang'anira wathunthu, wa jekete ndi makiyi, ankakwawa pansi ngati mbava. Ena angati chimenechi ndi chikondi. Chinalimo, inde, koma chambiri anali mantha, mantha a mwana amene sanatsutsepo munthu amene anamusambitsa. Ankaona kuti kuwauza Achemwali kuti chipinda chawo n'chakuda n'chimodzimodzi kuwavula pagulu.

Woyamba kuzindikira anali mayi wa kochapira zovala, wapakamwa posasunga mawu, amene ankamupatsa nsanza zija.

"Iwe Kamng'ono, nsanza zangazi ukumadya?" anamufunsa tsiku lina uku akupinda matawulo. "Woyang'anira anayamba liti kubweza nsanza zakuda?"

Kamng'ono anatenga nsanza zoyera n'kuzilowetsa m'thumba.

"Ndili ndi maso ine. Dzana akulu ako anandidutsa pompa ngati ndine mzati. Tamva, kuno kochapira kukufunika munthu wopinda nsalu. Ntchito yokhala pansi, ya manja, maso safunika kwenikweni. Kawapemphere kwa abwana malo asanapite."

"Abwana akandifunsa chifukwa, ndikati chiyani?"

"Ukati chomwecho."

"Ndiye kuti Achemwali amva."

"Nanga ukufuna amve liti? Atagubuduzika pamasitepe?"

Anayesa, tisamunamizire. Lamlungu lina masana anapeza Achemwali atakhala pakhonde la nyumba yawo ya lendi, akumuluka tsitsi mwana uja. Anakhala pambali pawo, anakonza kukhosi.

"Achemwali, bwanji tsiku lina tikayezetse maso? Akuti munthu akamakula ndi bwino kumayezetsa."

"Maso a ndani? Ine ulusi ndimalowetsa pasingano ndekha, iwe ndi masukulu akowo umachita kuitana mwana." Kenako manja awo anaima pamutu pa mwanayo. Anatembenuza nkhope yonse kuti amuone bwino. "Kapena wapeza kanthu m'chipinda changa?"

Mpata unali umenewo, wotseguka ngati geti. Mwana anadzutsa mutu, nayenso akudikira. Kamng'ono anaona nkhope ija, imene inali isanamupemphepo kanthu chibadwire, ikumupempha.

"Ayi," anatero. "Ndingapeze chiyani m'chipinda chanu?"

"Wamva?" Achemwali anamuuza mwanayo, akumukoka tsitsi mwachisangalalo. "Amayi ako aakulu sanabwezedwepo, ngakhale ndi amayi ako ophunzirawa."

Malo a kochapira aja anapatsidwa kwa munthu wina. Miyezi inadutsa, nsanza zinkabwerera zakuda kuposa kale, ndipo Kamng'ono ankafika m'kalasi mochedwa, mawondo ali mbuu. Ankadzilonjeza kuti akangolemba mayeso omaliza adzalankhula, ngati kuti pepala lakusukulu lidzamubwereka pakamwa pena.

Mayeso omalizawo anagwera m'mawa wa tsiku lantchito, hotela ikuyembekezera anthu a msonkhano. Kamng'ono anachonderera wolandira alendo kuti zipinda zapamwamba zisaperekedwe kwa munthu mpaka iye atabwera. Koma alendo anafika msanga, anaunjikana ndi zikwama zawo pakhomo, abwana n'kutsika okha kudzafunsa chimene chikuchedwetsa.

"Zapamwambazo si za Achemwali?" anatero abwana. "Zimenezo zimafunanso kuyendera? Perekani makiyi, anthu akapume."

Sitingawaimbe mlandu. Ankanena zimene ankadziwa, ndipo amene anawadziwitsa zimenezo, tsiku ndi tsiku pafoni, anali Kamng'ono yemwe.

M'chipinda china mlendo wadzulo lake anali ataswa tambula kubafa. Achemwali anasesa zimene anaona. Chibenthu chachikulu chinatsala chitatsamira m'mbali mwa bafa, ndipo mayi wina wakumsonkhano uja, atavula nsapato kuti asambe, anachiponda ndi chidendene. Nthawi imeneyo Kamng'ono anali pamwamba pa shopu ya matayala akulemba za makhalidwe a mtsogoleri wabwino, ndipo ankalemba bwino kwambiri.

Anabwerera n'kupeza atsikana akukolopa magazi mukolido, anthu atathamangira ndi mlendo uja kuchipatala kuti akamusoke. Mu ofesi abwana sanakuwe. Anangomufunsa kuti zatheka bwanji kwa munthu amene sanalakwitsepo, ndipo Kamng'ono, atatopa ndi kusenza, anatula zonse: kapepala kaja, kaburashi, kangolo kogunda zitseko. Abwana anavula magalasi n'kutikita m'maso.

"Mukanabwera kale, tikanawapezera ntchito ina," anatero. "Pano a msonkhano akufuna kumva kuti tachitapo kanthu, eni hotela nawonso. Sindingawasunge." Anavalanso magalasi aja. "Inuyo ndikusungani, chifukwa mwaphunzira ndipo atsikanawa amakumverani. Koma munthuyo ali pansi panu. Mukawauze nokha."

Anawapeza Achemwali m'kachipinda kosungira matawulo, atakhala pandowa yovundikira, manja ali pamiyendo. Kamng'ono analowa n'kutseka chitseko. Tsopano anali awiri, monga ankanenera mphunzitsi uja, kungoti tsiku lake linali litadutsa kalekale.

"Ndinasesa," anatero Achemwali asanafunsidwe. "Ndinagwada, ndinasesa ponse. Kaya chinachokera kuti. Zaka zonsezi, kulakwa kamodzi kokha, abwana sangamve?"

"Si kamodzi, Achemwali."

Ananena zonse maso ali pamatawulo. Achemwali anamvetsera osaphethira. Za kutha kwa ntchito sanafunse n'komwe.

"Kuyambira liti?"

"Nditangolandira makiyi."

"Zipinda zonse?"

"Zonse."

"Akudziwa ndani?"

"Amayi a kochapira. Mwina ndi atsikana ena."

"Ndiye pamene ndinkawaphunzitsa atsikanawo kukolopa, n'kumawauza kuti aonere ine, iwo ankadziwa kuti mng'ono wanga amakwawa pambuyo panga ngati ndine mwana wodziipitsira." Mawu awo sanakwere ngakhale pang'ono. "Ndinakufunsa, iwe. Pamaso pa mwana ndinakufunsa."

Anavula epuloni, anaipinda bwinobwino, anaiika pashelefu. Potuluka phewa lawo linagunda felemu ya chitseko, ndipo Kamng'ono atatambasula dzanja kuti awagwire, analikankha.

Kuchipatala anapita limodzi, chifukwa panalibe wina wowaperekeza. Dokotala wa maso anawaunika nthawi yaitali, kenako anafotokoza kuti si ng'ala yoti angaichotse. Ndi matenda amene amadya maso kuyambira m'mbali, mwakachetechete, mwiniwake osamva kupweteka. Mankhwala odontheza amatha kuwaimitsa pamene afika, koma chimene chapita sichibwerera, ndipo kwa Achemwali chambiri chinali chitapita.

"Mwachedwa, mayi," anatero dokotalayo. "Kunyumba kapena kuntchito panalibe amene anaona kuti mukugunda zinthu?"

Kamng'ono anatsegula pakamwa, koma Achemwali anamuyambirira.

"Panalibe, adokotala."

Bola akanamumenya mbama pamaso pa anthu, zikanamupweteka pang'ono kuposa mawu amenewo.

Zotsatira za mayeso zinatuluka, ndipo anakhoza, phunziro la utsogoleri ndiye anaposa kalasi yonse. Abwana anamugwira chanza pamaso pa antchito n'kunena kuti mayi awa akhwima, poti anatha kuchotsa ntchito ngakhale m'bale wawo weniweni. Anthu anaomba m'manja, kupatula mayi wa kochapira, amene anangopitiriza kuyang'ana padenga. Satifiketi anaiika m'sutikesi kunsi kwa bedi, ndipo sanaionetse munthu kunyumba.

Mpaka lero akugwirabe pahotela yomweyo. Anamuwonjezera udindo, tsopano amayang'aniranso kochapira ndi kodyera. Cholakwa akachiona amachinena tsiku lomwelo, osazengereza, ndipo atsikana atsopano amati mayi ameneyu ndi wachilungamo koma saseka. Sadziwa kuti m'mawa uliwonse akafika pamasitepe opita kunsanjika yapamwamba amaima kaye ngati munthu wolowa m'nyumba ya maliro.

Achemwali amakhala pakhomo. Sanamutukwane, sanasamuke, chakudya amamusungira chovundikira bwino. Dziko lawo likucheperachepera, amati tsopano amaona ngati akusuzumira pakabowo ka kiyi. Mwana amawatsogolera kumsika, ndipo pamsewu amawauza kuti apa pali dzenje, apa pali njinga. Chimene sanasiye n'kuyeretsa. Nyumba ya zipinda ziwiri amaikolopa tsiku lililonse ngati mukubwera mlendo wolemekezeka, ndipo safuna kuthandizidwa.

Tsiku lina Kamng'ono anaweruka msanga n'kuwapeza ataima pakati pa balaza, chikolopa chili m'manja, thukuta lili kamukamu. Mipando anali ataibwezera m'malo mwake, ndowa ya madzi ili pambali.

"Wabwera?" anatero. "Tayang'ana pansipa. Payera?"

Kanali koyamba kumufunsa chichokereni pahotela. Kamng'ono anaika chikwama pansi, anagwada ndi jekete lake lomwelo, anasuzumira kunsi kwa mipando, anayendetsa chala m'makona onse ndi m'mphepete mwa khoma. Zinkaoneka kuti Achemwali anachita kukwawa akupapasa ndi manja, poti munalibe kanthu, ngakhale kafumbi. Ulendo uno choonadi chinali chokoma kuchinena.

"Payera, Achemwali. Ndithu payera ponse."

Achemwali anatembenuza nkhope pang'onopang'ono mpaka anamupeza, n'kumuyang'ana nthawi yaitali ndi kuona kochepa kumene kunawatsalira.

"Mwina," anatero. "Usataye madziwo. Ndimufunsa mwana akabwera kusukulu."